Nyenyezi Zimathwanimiranji? Tulukani Panja Mudzionere Nokha

Funso ili landipeza kokwanira. Ana a Fomu 2 amafunsa, makolo awo amafunsa, ndipo magetsi akangozima kuno ku Chibavi, anthu n'kutulukira panja, sipalephera wondikodola kuti, "Aphunzitsi, tatiuzani, nyenyezi ikuphethira iyo, kodi ikufuna kuzima?" Ndaganiza zolemba kamodzi, kuti wofunsanso ndizingomutumizira pa WhatsApp.

Yankho lake lalifupi ndi lakuti nyenyezi sizithwanima. Kuwala kwake kumabwera bwinobwino ulendo wonse, koma kukalowa mumpweya umene wakuta dziko lathuli kumayamba kugwedezeka, chifukwa mpweyawo sukhala bata. Vuto la yankho lalifupili ndi lakuti munthu amangogwedeza mutu, sabata yamawa n'kudzafunsanso. Ndiye tsatirani masitepe awa. Simufunika telesikopu. Mufunika maso anu, tochi, mbaula ndi juzi, poti kuno ku Mzuzu kukada kumazizira.

1. Sankhani usiku ndi malo

Mwezi usakhale wathunthu, ndipo kusakhale mitambo. Kuno kwathu chachiwirichi ndiye chovuta. Mvula imachedwa kusiya, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kutsika mosayembekezera n'kuphimba tauni yonse. Kuyambira Ogasiti thambo limayera, ngakhale kuti pofika Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umalidetsa m'munsi. Nthawi ya dzinja musataye mtima: mvula ikagwa masana n'kukata madzulo, fumbi lonse limakhala latsukidwa, ndipo nyenyezi zimaoneka bwino kuposa m'chilimwe.

Imani pamalo poti muziona thambo kuyambira paliwombo mpaka m'munsi mwenimweni, mbali imodzi yokha ndi yokwanira. Bwalo la mpira ndi labwino. Musayang'anire pawindo. Musaime pafupi ndi babu la pakhonde. Ndipo pewani kuyang'ana modutsa pamwamba penipeni pa denga la malata dzuwa litangolowa kumene, chifukwa malatawo amakhala akutulutsabe kutentha, ndipo adzakusokonezani pa sitepe 4.

2. Dikirani maso azolowere mdima

Mphindi 20 mpaka 30. Foni ikhale m'thumba. Mukangoyang'ana uthenga umodzi, mwayambiranso.

3. Pezani nyenyezi imodzi yowala, muidziwe dzina

Apa ambiri amangokweza mutu n'kumayang'ana thambo lonse nthawi imodzi. Simuphunzirapo kanthu. Gwirani imodzi.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo, funani Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana pamzere. Mabuku a sayansi amati lamba wa Orion. Tsatirani mzerewo kulowera chakum'mwera cha kum'mawa, mupeza nyenyezi yoyera yowala kuposa zonse za usiku. Imeneyo ndi Sirius. Mukatsatira mzere womwewo mbali inayo mukafika ku Nsangwe, kagulu ka tinyenyezi tothithikana. Kumayambiriro kwa Disembala, Sirius imatuluka kum'mawa cha m'ma 7 koloko kupita 8 koloko usiku. Mzuzu ili pamadigiri pafupifupi 11 ndi theka kum'mwera kwa equator, choncho Sirius imadutsa pafupifupi pamutu pathu penipeni. Anthu a ku London alibe mwayi umenewu, kwawo imangoyenda cham'munsi.

Ngati ndi nyengo yozizira, gwirani Antares, nyenyezi yofiirira imene ili pakati pa gulu looneka ngati chinkhanira. Kumayambiriro kwa Meyi imatuluka kum'mawa kukangoda, kumapeto kwa Julayi imakhala pamwamba cha m'ma 8 koloko, ndipo mu Okutobala mudzaipeza ikutsikira kumadzulo. Kum'mwera, m'miyezi yomweyi ya Meyi ndi Juni, kuli nyenyezi zinayi zopanga mtanda, ndi ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri.

Zikakuvutani, pulogalamu ya Stellarium ya pafoni imakuuzani dzina la chilichonse chimene mwaloza. Ionereni m'nyumba musanatuluke, kapena muike pa kuwala kofiira kuti isakuwonongereni sitepe 2.

4. Yerekezani nyenyezi ili m'munsi ndi pamene yakwera

Tambasulani mkono, fumbatani chibakera. Chibakeracho chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo. Yang'anani nyenyezi yanu ikamatuluka kum'mawa, ili chibakera chimodzi kuchokera pamene thambo lakumana ndi mitengo kapena mapiri. Muiona ikuphethira mwamphamvu, nthawi zina ngati yazima n'kuyakanso. Kagoneni kapena kaphikeni tiyi. Pakatha maola atatu kapena anayi tulukaninso. Nyenyezi yomweyo, usiku womwewo, yakwera pamwamba, ndipo yadekha.

Nyenyeziyo sinasinthe. Chasintha ndi kuchuluka kwa mpweya umene kuwala kwadutsamo. Ikakhala paliwombo, kuwala kumatsika molunjika, njira yachidule. Ikakhala pa zibakera zitatu, mpweya wodutsamo ndi wowirikiza kawiri. Pa chibakera chimodzi, umapitirira kasanu. Ikakhala pamalekezero penipeni, pamene ikutuluka kapena kulowa, mpweyawo ndi wowirikiza pafupifupi ka 38. Ngati mulibe mtima wodikira maola, yerekezani nyenyezi ziwiri zowala mofanana, ina m'munsi ina pamwamba. Koma ine ndimakonda njira yodikirayo, chifukwa imatseka pakamwa wonena kuti "iyoyo ndi mtundu wake".

Ganizirani za Sirius. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, koma kuchoka ku Sirius kufika kuno kumatenga zaka 8.6. Zaka zonsezo kumayenda popanda chokugwedeza. Chisokonezo chonse chimene mukuchionacho chimachitika kumapeto kwenikweni, m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pamene kukudutsa mumpweya wathu.

5. Pangani nyenyezi yanu pakhomo

Kuwala kukachoka m'chinthu china kulowa m'china cholemera mosiyana, kumakhota. Ikani sipuni m'tambula ya madzi, muona ngati yathyoka pamene madzi ayambira. Mpweya nawo umakhotetsa kuwala, pang'ono chabe, ndipo wozizira umakhotetsa kuposa wotentha chifukwa ndi wothinana. Mumlengalenga mpweya wotentha ndi wozizira umasakanikirana nthawi zonse, uku mphepo ikuukankha.

Kolezani mbaula panja, makala ayake mpaka utsi uthe. Ndati panja: makala oyaka m'nyumba yotseka amapha. Tengani kachidutswa ka katoni, boolani kabowo kamodzi ndi singano, muphimbe nako tochi kuti kuwala kuzitulukira pa kabowo pokhapo. Mwana agwire tochiyo kapena muiike pampando, mapazi 20 kapena kuposerapo kuchokera pamene muli. Mbaula ikhale pakati, pansi pang'ono pa mzere wa maso anu. Yang'anani kadontho ka kuwalako modutsa pamwamba pa makala. Kayamba kuvina ndi kuphethira. Sunthani pang'ono kuti muone kadonthoko mopewa mbaula, kali phee.

Musazimitse mbaulayo. Ikufunikanso.

6. Mvetsani chifukwa chake mapulaneti sathwanima

Ili ndiye gawo limene ambiri amalidumpha. Amangoti "mapulaneti ali pafupi, n'chifukwa chake sathwanima", basi. Koma taganizani. Kuwala kwa Jupiter kumadutsa mumpweya womwewo umene kuwala kwa Sirius kukudutsamo. Mpweya sudziwa kuti uku kwachokera pafupi, uku kwachokera kutali. Ndiye kuyandikira pakokha sikungakhale yankho. Pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira bwino.

Choyamba, n'chifukwa chiyani nyenyezi imawala n'kuchepa, m'malo mongosuntha? Amene munasambapo pamchenga ku Nkhata Bay dzuwa likuswa mtengo, kumbukirani zimene zimaoneka pansi pa madzi osaya: mizere yowala yopiringizana ngati ukonde, ikuyendayenda pamchenga, pakati pake pali timalo todera. Dzuwa silikusintha. Timafunde ta pamwamba pa madzi tikusonkhanitsa kuwala pena, n'kukumwaza pena. Kamwala kamodzi ka pansipo kamawala, kamada, kamawalanso, malinga ndi mzere umene wakadutsa. Mpweya umachita chimodzimodzi ndi kuwala kwa nyenyezi. Pansi pano pamagwa timadera towala ndi todera, tosaoneka ndi maso, tokula masentimita ochepa chabe, ndipo mphepo ya kumwamba imatithamangitsa mofulumira. Diso lanu ndiye kamwala kaja. Kabowo kakuda ka pakati pa diso, ngakhale katakula chotani mumdima, sikapitirira mamilimita 7 kapena 8. Kadera kowala kakakadutsa, nyenyezi yawala. Kodera kakafika, nyenyezi yachepa. Izi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Chachiwiri ndi kukula kwa chinthucho monga chikuonekera kuchokera kuno. Sirius ndi yaikulu kuposa dzuwa lathu, koma ili kutali moti pathambo ndi kadontho kopanda m'lifupi. Kuti mudutse nkhope ya mwezi kuchokera mbali ina kufika ina, mungafunike kundandika timadontho ngati Sirius pafupifupi 300,000. Koma ma Jupiter 45 okha akhoza kukwanira. Maso athu sangathe kusiyanitsa zimenezi, zonse amaziona ngati madontho. Mpweya ndiye umasiyanitsa.

Tiyeni tiwerengere pamtunda wa makilomita 10 kumwamba, kumene mphepo yamphamvu imawomba. Kuwala konse kwa Sirius kumene kukubwera m'diso mwanu kumadutsa pa kamalo kosaposa kukula kwa diso lomwelo, chifukwa m'lifupi mwa nyenyeziyo pamtunda umenewo simukwana ngakhale milimita imodzi. Ndiye kathumba kamodzi ka mpweya, ka masentimita 10, kakhoza kugwira kuwala konseko n'kukukhotetsera kumbali. Kuwala kwa Jupiter kumadutsa pamalo otambalala pafupifupi mamita awiri. Pamalo amenewo pali timatumba ta mpweya mazanamazana. Kadontho kalikonse ka nkhope ya Jupiter kamathwanima ndithu, koma kalikonse pa nthawi yake. Kumanzere kukachepa, kumanja kwawala. Zonse zikaphatikizana m'diso, palibe chimene chasintha, ndipo Jupiter amangoti nyezii osaphethira.

Kuyandikira kumalowapo motere: kumachititsa kuti pulaneti likhale ndi nkhope, ngakhale yaing'ono. Nkhopeyo ndiyo imaletsa kuthwanima.

Bwererani ku mbaula ija. Chotsani katoni, phimbani tochi ndi pepala loyera lopindidwa ngati chipewa kapena iikeni m'kachigubu koyera, kuti kuwala kukhale chibulunga chachikulu ngati lalanje. Yang'ananinso pamwamba pa makala. M'mphepete mwake mukunjenjemera pang'ono, koma chibulungacho sichikuphethira. Mpweya ndi womwewo, mtunda ndi womwewo, tochi ndi yomweyo. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake safunsanso.

Tsopano funani pulaneti lenileni. Losavuta ndi Nthanda, imene timaitcha nyenyezi koma ndi pulaneti la Venus. Imawala kuposa china chilichonse kupatula dzuwa ndi mwezi, ndipo imaoneka kum'mawa mbandakucha kapena kumadzulo dzuwa litalowa, kutengera miyezi. Siitalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri pafupifupi 47, choncho chinthu chowala chosaphethira chimene mwachiona pamutu pakati pa usiku si Nthanda ayi, kawirikawiri ndi Jupiter. Mapulaneti onse amayenda m'njira imene dzuwa ndi mwezi zimadutsa, koma malo ake amasintha chaka ndi chaka, ndiye apa Stellarium ija ikuthandizani.

Chenjezo: lamulo lakuti "chosathwanima ndi pulaneti" si lamulo la chitsulo. Mercury, ndiponso Mars akakhala kutali ndi ife, amaoneka aang'ono moti amatha kuthwanima. Nthanda nayo ikatsika kwambiri pafupi ndi mapiri imaphethirako. Ndipo usiku wa bata nyenyezi ya paliwombo imatha kukhala duu ngati pulaneti. Muziweruza chinthu chikakwera kupitirira zibakera zitatu, ndipo muziyerekeza ndi nyenyezi yowala imene ili pamsinkhu womwewo.

7. Onani mitundu

Sirius ikakhala m'munsi simangophethira. Imang'anima kufiira, kubiriwira, buluu, kuyera. Imeneyi ndi imene imandibweretsera mafoni ambiri mu Disembala. Wina amati ndi drone, wina amati ndi ndege ya usiku ija sititchula. Chifukwa chake ndi chomwecho cha utawaleza. Kuwala koyera ndi mitundu yambiri yosakanikirana, ndipo mpweya umakhotetsa buluu kuposa kufiira. Nyenyezi ikakhala m'munsi, mtundu uliwonse umafika m'diso utadzera kanjira kakekake, motero umathwanima pawokha. Pa kamphindi aka wofiira ndiye wapambana, kamphindi kenako wobiriwira.

Ngati muli ndi mabainokula, lozani Sirius ili m'munsi n'kumazunguza manja pang'onopang'ono ngati mukujambula kabwalo. Nyenyeziyo itambasuka n'kukhala mkombero wa mikanda ya mitundumitundu. Yesani zomwezo pa Jupiter, mupeza mkombero wa mtundu umodzi wosadukaduka. Pafoni, jambulani vidiyo mutakokera pafupi, ndipo musokoneze dala fokasi kuti kadonthoko kafufume. Mitundu ija ioneka ikusinthana bwino lomwe.

8. Musasokonezedwe ndi izi

Ndege imakhala ndi nyali zofiira, zobiriwira ndi zoyera zophethira motsatira ndondomeko, ndipo imayenda. Kuthwanima kwa nyenyezi kulibe ndondomeko.

Kadontho koyenda mosaphethira, kodutsa thambo m'mphindi zochepa kukangoda kapena kusanache, ndi setilaiti imene ikuwalitsidwa ndi dzuwa. Yowala kwambiri ndi International Space Station, imene ili makilomita pafupifupi 400 kumwamba ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Ikazimiririka pakati pa thambo, yalowa mumthunzi wa dziko.

Mukayang'anitsitsa nyenyezi imodzi kwa nthawi yaitali pamdima, imayamba kuoneka ngati ikuyendayenda. Si mpweya umenewo, ndi maso anu amene akusuntha pang'ono popanda chowagwirira. Imani poti nyenyeziyo iyandikane ndi nthambi kapena nsonga ya mtengo wa magetsi, muona kuti yaima.

Mitambo yopyapyala imachepetsa kuwala pang'onopang'ono kwa masekondi angapo, ndipo imakhudza nyenyezi zoyandikana pamodzi. Kumeneko si kuthwanima.

Zilipo nyenyezi zimene kuwala kwake kumasinthadi. Betelgeuse, yofiira ija ya pafupi ndi Akamwiniatsatana, inachepa mphamvu moonekeratu kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, kenaka inabwerera. Koma kusintha kotere kumatenga maola, masiku kapena miyezi. Kuphethira kwa pa sekondi si chizindikiro chakuti nyenyezi ikufa.

Ndipo tinyenyezi tating'ono timathwanimanso, kungoti diso limavutika kuona kusinthako pa chinthu chosawala kwambiri. N'chifukwa chake ndinati mugwire yowala.

9. Bwerezani masiku osiyanasiyana, malo osiyanasiyana

Lembani m'kope tsiku, nthawi, zibakera zingati, ndi mmene ikuthwanimira: pang'ono, pakati kapena kwambiri. Posakhalitsa muona chinthu chodabwitsa ambiri. Usiku umene thambo layera kwambiri, mwera ukuwomba, nyenyezi zili ngwee, ndi umene zimathwanima koopsa. Usiku wofunda wa bata, wokhala ndi kautsi pang'ono, nthawi zambiri zimadekha. Kuyera kwa thambo ndi kudekha kwa mpweya ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mukatsikira kunyanja, yang'anani nyali za asodzi a usipa zili kutali pamadzi. Nazonso zimaphethira, mwa zina chifukwa cha mafunde, komanso chifukwa kuwala kwake kwayenda makilomita angapo mumpweya wa pamwamba pa madzi. Ngakhale kuno kumtunda, mukaima pamalo okwera n'kuyang'ana mababu a mbali ina ya tauni, akutaliwo amanjenjemera, apafupi ali phee.

Mzuzu ili mamita opitirira 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500, ndipo ku Nyika mumapitirira 2,000. Mukamakwera mumasiya mpweya wina pansi panu. Akatswiri a zakuthambo amatsatira nzeru yomweyi. Isaac Newton analemba kalekale kuti telesikopu, ngakhale itakula bwanji, singathetse kunjenjemera kwa mpweya, ndipo anati mankhwala ake ndi mpweya wabata wa pamwamba pa mapiri aatali. N'chifukwa chake telesikopu yaikulu ya SALT ili ku Sutherland ku South Africa, pamalo okwera ndi ouma, ndipo zina zili pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii pamtunda wa mamita oposa 4,000, zinanso m'chipululu cha Atacama ku Chile. Zambiri mwa telesikopu zazikulu za masiku ano zili ndi kagalasi kamene kompyuta imakapinda kambirimbiri pa sekondi kuti kawongole zimene mpweya wakhotetsa, ndipo zina zimawalitsa laser kumwamba kuti zipange kadontho koyezera. Njira ina ndi kuuthawiratu mpweyawo. Telesikopu ya Hubble inatumizidwa mumlengalenga mu 1990, ya James Webb mu Disembala 2021. Kumene zili kulibe mpweya, ndipo nyenyezi kumeneko sizithwanima ngakhale pang'ono.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mukufuna kuchita izi ndi kalasi: sitepe 5 ndi 6 zimatheka madzulo amodzi pabwalo la sukulu, kukangoda. Ana aime pamzere, aliyense ayang'ane payekha, chifukwa woima pambali saona kanthu. Sitepe 4 ikhale ntchito ya kunyumba, ndipo muwauziretu makolo, kuti asadabwe kuona mwana ali panja 11 koloko usiku ataloza chibakera kumwamba.